Hatchi ya ku Galloway: mtundu umene unatha uku ukuswana

Kum'mwera chakumadzulo kwa Scotland kuli dera lotchedwa Galloway, lopangidwa ndi maboma awiri akale, Wigtownshire ndi Kirkcudbright. Kumunsi kwake kuli nyanja ya Solway Firth, kumtunda kuli mapiri a miyala ndi zithaphwi, ndipo phiri lalitali koposa, Merrick, ndi la mamita 843. Kumagwa mvula yambiri, mphepo ya kunyanja sipuma, ndipo msipu wa m'mapirimo ndi wokakala, wosanenepetsa chiweto. Dera limeneli linatulutsa ziweto ziwiri zotchuka: ng'ombe zaubweya wambiri zopanda nyanga, ndi hatchi yaifupi yomwe kwa zaka zoposa 200 anthu a ku Britain ankailimbirana pa misika. Ng'ombezo zilipo mpaka lero, koma hatchiyo kulibenso. Panalibe mliri kapena nkhondo imene inaimaliza. Alimi ankaikweretsa ndi mahatchi akuluakulu m'badwo ndi m'badwo, mpaka sipanatsale yaikazi ndi yamphongo zoti n'kubereka mwana wofanana ndi makolo akale.

Msinkhu ndi thupi

Ku Britain hatchi amaiyeza ndi muyeso wa chikhato, umene iwo amautcha hand. Chikhato chimodzi ndi mainchesi 4, kapena masentimita 10.16. Hatchi imaimitsidwa pamalo osalala, miyendo yakutsogolo italingana, ndipo ndodo yoyezera imachokera pansi kufika pamwamba pa mapewa, pomwe khosi limakumana ndi msana. Mutu sauwerengera chifukwa umakwera ndi kutsika.

Lipoti la zaulimi wa ku Scotland la 1814, lomwe anasonkhanitsa Sir John Sinclair, limati hatchi ya ku Galloway inali ya zikhato 12 mpaka 14, kutanthauza masentimita 122 mpaka 142. Inali yokulirapo poyerekeza ndi timahatchi ta ku Wales ndi ta kumpoto kwa Scotland, koma yaifupi poyerekeza ndi hatchi wamba yokwera. William Youatt, dokotala wa ziweto amene analemba buku la mahatchi mu 1831, anati yeniyeni inkafika pafupifupi zikhato 14, nthawi zina kupitirirako pang'ono. Pa maonekedwe awiriwa amagwirizana: thupi lofiirira kapena loderako, miyendo yakuda, mutu waung'ono, khosi lopyapyala, ndi miyendo youma bwino, yopanda mnofu wolendewera kapena zotupa m'mfundo, moti mitsempha ya kuseri kwa fupa inkaoneka poyera. Chifuwa chinali chotakata ndiponso chozama. Oweta amayang'anitsitsa pamenepa, popeza chifuwa chozama chimapereka malo ku mapapo ndi mtima, ndipo miyendo youma ndiyo imapirira njira ya miyala tsiku lonse popanda kutupa madzulo.

Kayendedwe kamene kanaigulitsa

Daniel Defoe, wolemba mabuku wa ku England, analemba m'zaka za m'ma 1720 kuti ku Galloway ndiko kunali mahatchi aafupi amphamvu koposa mu Britain, mwinanso mu Ulaya monse. Anawatamanda kuti ndi ofatsa, opirira, osatopa, oyenda mosagwedeza wokwera, ndipo anati Angelezi ankawagula kwambiri pa chifukwa chimenechi. Mfundo ya kusagwedezayi ndiyo mtima wa nkhani, ndipo kuti imveke tiyenera kuyang'ana pansi, pa ziboda.

Hatchi wamba ikafulumira pang'ono kuchoka pa kuyenda, imaponda miyendo iwiriiwiri mopingasa: wakutsogolo wakumanzere pamodzi ndi wakumbuyo wakumanja, kenako enawo. Pakati pa kuponda kuwiriku pamakhala kamphindi pomwe ziboda zonse zinayi zili m'malere. Ikatera, msana umakankha wokwera m'mwamba, n'kumugwetseranso pa chishalo, ndipo izi zimabwerezeka pa sitepe iliyonse. Pa ulendo wa ola limodzi munthu angapirire. Pa ulendo wa tsiku lonse chiuno ndi ntchafu zimafika potupa.

Mahatchi ena amabadwa ndi kayendedwe kena. Amasuntha miyendo ya mbali imodzi motsatana: wakumbuyo wakumanzere, wakutsogolo wakumanzere, wakumbuyo wakumanja, wakutsogolo wakumanja. Miyendo iwiri ya mbali imodzi ikatera nthawi imodzimodzi, thupi limapendekera uku ndi uku. Koma ikasiyana pang'ono, khutu limamva kugunda kunayi kolingana, ndipo nthawi zonse pamakhala chiboda chimene chili pansi. Popeza ziboda sizikhala zonse m'malere, msana sudumpha, ndipo wokwera amangotsetsereka kupita kutsogolo pa liwiro loposa la kuyenda wamba. M'nthawi imene misewu inali tinjira ta matope ndipo aliyense wopita kutali, mayi, mkulu wa mpingo, wamalonda kapena dokotala, ankayenera kukwera pamsana pa hatchi, kayendedwe kotere kanali ka mtengo wapatali.

Mu 2012 akatswiri a ku Sweden, pofufuza mahatchi a ku Iceland, anapeza kuti luso limeneli limagwirizana ndi kusintha kumodzi m'kachigawo ka DNA kotchedwa DMRT3, komwe kamakhudza mitsempha ya mumsana yoyendetsa miyendo. Mu 2016 kafukufuku wa mafupa akale anapeza kusinthaku m'mahatchi awiri a ku York, kumpoto kwa England, a pakati pa zaka za 850 ndi 900. Zimenezi zikutsimikiza kuti mahatchi oyenda motere analipo ku Britain kalekale, ndipo zikuthandiza kumvetsa chinthu china: luso lodalira chibadwa chimodzi limatha kutayika msanga ngati oweta asiya kulisankha.

Za kupirira kwake palinso umboni. Youatt anasunga mawu a Dr Anderson, amene anakwera hatchi imodzi ya mtunduwu kwa zaka 25, ndipo kawiri anayenda nayo mamailosi 150, pafupifupi makilomita 240, akungoima kuti idye, osapitirira ola limodzi pa kuima kulikonse. Anatchulanso hatchi ya Mr Corker imene mu 1754 inayenda mamailosi 100 pa tsiku kwa masiku atatu otsatizana pa bwalo la mipikisano la ku Newmarket ku England, ndi ya Mr Sinclair wa ku Kirkby Lonsdale imene ku Carlisle inamaliza mamailosi 1,000 m'maola 1,000. Nkhani ziwiri zomalizazi zifunika kuziwerenga mosamala, pa chifukwa chimene chidzaoneka m'munsimu: pofika nthawiyo dzina loti Galloway linali litayamba kugwiritsidwa ntchito pa hatchi iliyonse ya msinkhu umenewo.

Nthano ya zombo za ku Spain

Anthu a ku Galloway ankasimba kuti mtunduwu unachokera ku mahatchi amene anasambira kuchoka m'chombo cha nkhondo cha ku Spain chomwe chinasweka pagombe lawo mu 1588. Nthano yofanana nayo imasimbidwa za mitundu ingapo ya m'mphepete mwa nyanja ku Ireland ndi ku Scotland, ndipo ya ku Galloway ilibe mutu ikaikidwa pa kalendala. Youatt mwiniwake ananena kuti deralo linkapereka kale mahatchi ambiri kwa mfumu Edward I, amene analamulira England kuyambira 1272 mpaka 1307. Komanso m'sewero la Shakespeare la Henry IV, gawo lachiwiri, losindikizidwa mu 1600, munthu wina amatchula mahatchi a ku Galloway ngati chinthu chimene aliyense mu London akuchidziwa. Zaka 12 sizikwanira kuti mahatchi ochepa opulumuka m'madzi aswane, akhale mtundu, afike pa misika ya kum'mwera, mpaka alowe m'zoyankhula za anthu. Chapafupi kuposa Spain ndi Ireland: kuchokera pa doko la Portpatrick kuwolokera ku Donaghadee ndi makilomita pafupifupi 35 okha, ziweto zinkawoloka pamenepo, ndipo Ireland inali ndi hatchi yakeyake yaifupi yoyenda mosagwedeza, Irish Hobby, imenenso inatha.

Katundu pamsana

Kupatula kukwera, ntchito yaikulu inali yonyamula. M'mbali mwa Solway Firth, anthu ozembetsa tiyi, fodya ndi mowa wa brandy kuchokera ku chilumba cha Isle of Man ankatsitsa katundu usiku n'kumukweza pa mahatchi aafupi kupita naye kumtunda kudzera m'njira za m'mapiri. Malonda amenewa anachepa boma la Britain litagula ulamuliro wa chilumbacho mu 1765. Kumpoto kwa England, m'zigwa ngati Swaledale, mahatchi otchedwa Galloway ankawetedwa m'zaka za m'ma 1700 kuti azinyamula miyala ya mtovu kuchokera ku migodi kupita kosungunulira, kenako mtovu wosungunula kupita ku madoko.

Hatchi imodzi inkasenza pafupifupi makilogalamu 100, ogawidwa pawiri, mbali iyi ndi iyo ya chishalo chamatabwa chokhala ndi nkhata yofewa pansi. Kugawako kunkayenera kulingana. Mbali imodzi ikalemera, chishalo chimapendekeka, n'kumakhula khungu pamwamba pa mapewa, ndipo chilonda cha pamenepo chimachedwa kupola chifukwa katundu wa mawa amakhalanso pomwepo. Lamba wa pachifuwa ankaletsa katundu kutsetserekera kumbuyo pokwera chitunda, ndipo lamba wodutsa kunsi kwa mchira ankamuletsa kugwera pakhosi potsetsereka. Mahatchi ankayenda pa mndandanda, nthawi zambiri khumi kapena makumi awiri, yotsogolera itavala belu, munthu mmodzi kapena awiri akuyang'anira onse. A ku migodi ya mtovu ankawamanga pakamwa kuti asamadye udzu wa m'mbali mwa njira, umene unali ndi fumbi la mtovu lopha ziweto. Milatho yamiyala ya nthawi imeneyo, yomwe ina ilipobe m'zigwa zimenezo, ndi yopapatiza ndipo zipupa zake ndi zazifupi kuti katundu wolendewera m'mbali mwa hatchi adutse pamwamba osagunda.

Mmene unathera

Zinthu zingapo zinasintha m'zaka 100 zokha, ndipo chilichonse chinachotsa gawo la ntchito ya hatchiyi.

Choyamba chinali malo. Eni minda akuluakulu a ku Galloway anayamba kutchinga madera odyetsera ndi mipanda ya miyala kuti azinenepetsamo ng'ombe zokagulitsa ku England. Mu 1724 alimi ang'onoang'ono amene anathamangitsidwa anaukira n'kumagwetsa mipandayo, koma asilikali anawagonjetsa ndipo kutchingako kunapitirira. Hatchi yaifupi inkadzidyera m'malo a onse, mwini wake osaiwonongera ndalama. Malo amenewo atachepa, mwayi wake waukulu unachepanso.

Kenako kunabwera misewu. M'zaka za m'ma 1760 boma linamanga msewu wa asilikali wodutsa Galloway yense mpaka ku Portpatrick, ndipo misewu yolipiritsa inafalikira m'dziko lonse. Pa msewu wolimba hatchi imodzi yokoka ngolo imasuntha katundu amene akanafuna mahatchi asanu kapena kuposerapo onyamula pamsana. Anthu olemera anasiya chishalo n'kulowa m'ngolo zophimba. Wokhala m'ngolo sasamala ngati msana wa hatchi ukudumpha. Iye akufuna hatchi yaitali, yoponda mopingasa, yokoka molingana ndi inzake. Luso limene Defoe analitamanda linasanduka chinthu chosafunsidwa pamsika. Ngakhale mipikisano ya m'matauni ang'onoang'ono, momwe mahatchi aafupi ankathamanga, inavulazidwa ndi lamulo la 1740 loletsa mpikisano wa mphotho yochepera mapaundi 50.

Chimene chinakhomerera msomali chinali ulimi. Pulawo yakale ya ku Scotland inali yolemera, yamatabwa, yokokedwa ndi gulu la ng'ombe kapena mahatchi angapo, ndipo inkafuna anthu awiri kapena atatu. Kuyambira m'ma 1760 pulawo yopepuka ya James Small inayamba kufala, yomwe munthu mmodzi ankaiyendetsa ndi mahatchi awiri okha, koma awiriwo anayenera kukhala amphamvu. Ku Lanarkshire, kumpoto chakum'mawa kwa Galloway, oweta anali atayamba kale kukweretsa zazikazi zawo ndi zamphongo zochokera ku Flanders, dera la ku Belgium ya lero, ndipo kumeneku ndiko kunatuluka Clydesdale, hatchi ya zikhato 16 kupita m'mwamba, yolemera makilogalamu 800 kapena kuposa. Kale mlimi wa ku Galloway sakanaikwanitsa. Hatchi imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse a thupi lake pa tsiku: ya makilogalamu 350 imafuna makilogalamu 7, pomwe ya 800 imafuna 16, kuphatikizapo mbewu ya oats ikakhala pa ntchito. Koma minda itathiridwa laimu, madzi atachotsedwa m'madambo, udzu wobzala ndi oats zitachuluka, chakudyacho chinapezeka. Lipoti la 1814 limanena poyera kuti mtundu wakalewo unali pafupi kutha chifukwa alimi anafuna mahatchi olemera, oyenera kukoka, ndipo kuti ochepa otsala anali m'mapiri.

Tiyenera kuona mmene zinkachitikira pakhomo pa mlimi mmodzi, chifukwa ndi pamene mtundu umafera. Mlimi ali ndi yaikazi yeniyeni ya ku Galloway, yolimba, yoyamwitsa bwino. Nyengo yokweretsa ikafika, m'dera mumadutsa yamphongo yaikulu yoyendetsedwa khomo ndi khomo, ndipo yamphongo imodzi yotere imatha kukwera zazikazi makumi angapo m'nyengo imodzi. Mlimi alipira, patatha miyezi 11 pabadwa mwana wamkulu kuposa make, wopirira ngati make, wogulika pa mtengo wabwino. Palibe cholakwika chimene mlimiyo angachione. Kunena zoona, m'badwo woyamba wa mitundu yosakaniza nthawi zambiri umakhala wathanzi ndi wamphamvu. Ana aamuna aafupi amafulidwa, popeza palibe amene angalipire kuti akwere hatchi yake. Mwana wamkazi wosakanizika uja akakula amakweretsedwanso ndi yaikulu. Magazi akale amatsika kuchoka pa theka kufika pa gawo limodzi mwa magawo 4, kenako limodzi mwa 8, kenako limodzi mwa 16. M'badwo wa hatchi ndi zaka 8 mpaka 10, choncho mibadwo inayi imatha m'zaka zosapitirira 40, nthawi imene mlimi mmodzi angakhale akulima pamunda womwewo. Woweta nkhuku zachikuda amene analowetsapo tambala wa Mikolongwe m'khola zaka zingapo zotsatana akudziwa mmene gulu lonse limasinthira popanda nkhuku ina kufa.

Mahatchi m'dera ankaonekabe ambiri. N'chifukwa chake ndi ochepa okha amene anaimba belu. Dzina nalonso linaphimba kutayikako. Defoe anali atanena kale kuti Angelezi ankatcha hatchi iliyonse yaifupi yolimba kuti Galloway, lipoti la 1814 linabwereza zomwezo, ndipo Youatt anayamba kufotokoza kwake ndi kunena kuti hatchi ya zikhato 13 mpaka 14 imatchedwa Galloway. Munthu wopita pamsika ankamva dzinalo mbali zonse, ndiye akanaganiza bwanji kuti chinthucho chikutha? Ogwira ntchito m'migodi ya malasha ya ku Durham ndi Northumberland, kumpoto kwa England, ankatcha timahatchi ta pansi pa mgodi ndi dzina lomweli, ndipo ku Australia mpaka lero pa zionetsero hatchi yopitirira zikhato 14 koma yosaposa 15 imalowa m'gulu la Galloway, kaya ndi ya mtundu wanji.

Kaundula anafika mochedwa

Chimene chimasunga mtundu wa chiweto pa nthawi ngati imeneyi ndi kaundula: buku lolembamo bambo ndi mayi wa mwana aliyense, ndi gulu la oweta logwirizana kuti wosalembedwa makolo salowa. Mahatchi a mpikisano a Thoroughbred anali ndi lawo kuyambira 1791. Ng'ombe za ku Galloway zinapeza bungwe lawo mu 1877, chaka chomwe oweta Clydesdale anakhazikitsanso lawo. Timahatchi ta ku Shetland tinapeza kaundula mu 1890. Hatchi ya ku Galloway inali itanenedwa kale kuti yatsala pang'ono kutha mu 1814 ndi mu 1831, zaka makumi angapo mwambo wolemba mahatchi aafupi usanayambe. Apa m'pamene pakuwawa: ng'ombe ndi hatchi za m'mapiri amodzimodzi zinasiyana chifukwa ng'ombe inali idakali ndi msika pamene mabuku anatsegulidwa.

Magazi ake sanatheretu. Mitundu ya Fell ndi Dales ya kumpoto kwa England inakulira m'dera limene Galloway ankanyamula mtovu, ndipo oweta ake amavomereza kuti inatengako kwambiri. Bungwe la Dales linayamba mu 1916, la Fell mu 1922, ndipo Fell saloledwa kupitirira zikhato 14, malire omwewo a Galloway wakale. Highland wa ku Scotland ndi Newfoundland wa ku Canada amatchulidwanso pakati pa mitundu imene inatengako magazi ake. Ngakhale Thoroughbred, amene mbiri yake imakonda kutchula zamphongo zitatu zochokera kunja, Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian, anabadwa kwa amayi, ndipo kafukufuku wa DNA wa 2011 anasonyeza kuti ambiri mwa amayi oyambirirawo anali ogwirizana ndi mahatchi a ku Britain ndi Ireland komweko. Wina wa 2012 anapeza kuti chibadwa cha liwiro pa mtunda waufupi, m'kachigawo ka MSTN, chiyenera kuti chinalowa mu Thoroughbred kudzera mwa yaikazi imodzi ya ku Britain zaka pafupifupi 300 zapitazo. M'mabuku a mpikisano muli yamphongo yotchedwa Bald Galloway, imene mwana wake wamkazi Roxana anabereka Cade, bambo wa Matchem, yamphongo yotchuka ya Thoroughbred. Koma bambo wa Bald Galloway anali St Victor's Barb, hatchi yochokera kunja, zomwe zikusonyezanso kuti dzinalo palokha si umboni wa mtundu.

Woyang'ana Fell lero amaona chifuwa chozama, kuponda mosaterereka pa miyala, ndi thupi lotha kugona kuphiri m'nyengo yozizira. Amaonanso zosiyana ndi zimene analemba mu 1814 ndi 1831: Fell ambiri ndi akuda, ali ndi ubweya wautali kumapazi, ndipo thupi ndi lojintcha kuposa la hatchi ya khosi lopyapyala imene alembi aja anaifotokoza. Pa zionetsero oweruza a Fell ndi Dales amafuna kuyenda kwachangu ndi kuponda kopingasa kwamphamvu, mawondo akukwera bwino, komwe ndi kayendedwe ka hatchi ya pa msewu ndi pa ngolo. Kusuntha miyendo ya mbali imodzi motsatana sikuli pa mndandanda wa zimene amayang'ana m'mitundu iwiriyi.